Madzi oundana akusungunuka kutali, matope akutikwirira kuno

Pa 21 February 2023 padachitika zinthu ziwiri m'malo awiri otalikirana kwambiri, ndipo ambiri a ife sitidazilabadire chifukwa tinali otanganidwa ndi kuona ngati chimanga chayamba kumasula m'minda mwathu.

Choyamba nchakuti namondwe wa Freddy, yemwe adabadira kufupi ndi dziko la Australia kumayambiriro kwa mweziwo, adamaliza kuoloka nyanja yamchere ya Indian Ocean nkugwera pachilumba cha Madagascar.

Chachiwiri nchakuti akatswiri a ku America omwe amayeza madzi oundana pogwiritsa ntchito makina a m'mlengalenga adapeza kuti madzi oundana oyandama panyanja yozungulira Antarctica, kunsonga ya kummwera kwa dziko lapansi, adachepa kuposa chaka china chilichonse chiyambire kuyezako mu 1979. Adangotsala pamalo okwana masikweya kilomita 1.79 miliyoni.

Patangotha masabata atatu, Freddy adafika kuno kwathu. M'boma la Chiradzulu, matope, miyala ndi madzi zidatsika m'phiri la Chilimankhwanje nkukwirira nyumba ndi anthu m'mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe. Zomwezi zidachitika ku Chilobwe, mmunsi mwa phiri la Soche mumzinda wa Blantyre, komanso m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Boma lidawerenga anthu oposa 600 omwe adafa, ena oposa 500 omwe adasowa, ndipo oposa 650,000 adasowa pokhala.

Ife tikuti nthawi yakwana yoti Amalawi tileke kuona nkhani ya madzi oundana ngati ya azungu okhaokha. Tikudziwa kuti wina afunsa kuti kodi zimenezi zikumukhudza bwanji mlimi wa tomato ku Mbulumbuzi kapena mayi wogulitsa nandolo pamsika wa Namitambo, pomwe feteleza akukwera mtengo ndipo ufa wa lero sukudziwika kochokera. Funso limeneli ndi lomveka ndithu. Ambiri a ife ayezi timangomudziwira m'firiji ndi m'mafirizesi omwe ana amagulitsa pamsewu, mwinanso matalala akagwa nkuononga fodya. Komatu safunsa adadya phula, ndiye tiyeni tifunse ndipo tiyankhane.

Dziko lathuli lili ngati mpira, ndipo kunsonga zake ziwiri dzuwa limafikako mopendekera, lopanda mphamvu. Kumpoto kuli nyanja ya Arctic yomwe pamwamba pake pamaundana, komanso chilumba chachikulu cha Greenland. Kummwera kuli Antarctica, mtunda wokwana masikweya kilomita pafupifupi 14 miliyoni, kutanthauza kuti dziko la Malawi likhoza kulowamo maulendo oposa 100.

Pafupifupi mtunda onsewu ndi wokutidwa ndi madzi oundana omwe kukhuthala kwake, tikatengera pakatikati, ndi makilomita awiri. Phiri la Chiradzulu, lomwe nsonga yake ili mamita 1,773 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, likhoza kumiramo lonse osaoneka. M'malo ena madzi oundanawa ndi okhuthala mamita oposa 4,700, kupitirira patali nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje yomwe ndi mamita 3,002. Madzi ambiri opanda mchere a padziko lapansi ali kumeneko, osati m'mitsinje kapena m'nyanja ngati yathuyi. Atati asungunuke onse a ku Antarctica, nyanja zamchere zikhoza kukwera ndi mamita 58, ndipo a ku Greenland akhoza kuonjezera mamita 7.

Madzi oundanawa amagwira ntchito yoziziritsa dziko. Aliyense amene adavalapo malaya akuda mu October akudziwa kuti chinthu chakuda chimamwa dzuwa pomwe choyera chimalibweza. Madzi oundana ndi oyera mbee, choncho amabweza kuwala kwambiri kwa dzuwa mumlengalenga. Akasungunuka pamatsala madzi a m'nyanja omwe ndi akuda, ndipo madziwo amamwa kutentha, nkusungunulanso ayezi wina woyandikana nawo. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zomwe dera la Arctic lakhala likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse kuchokera mu 1979.

Koma phindu lalikulu la madzi oundanawa kwa asayansi ndi lakuti ndiwo kaundula wa nyengo za makedzana. Kumeneko chipale chofewa chikagwa sichisungunuka chonse. Cha chaka chino chimagwera pamwamba pa cha chaka chatha, ndipo kulemera kwa zapamwamba kumatsindira zapansi mpaka kusanduka ayezi wolimba. Amene adadulapo mtengo wa paini adaona mizere yozungulira pachitsa, mzere uliwonse chaka chake. Ayeziyu nayenso ali ndi mizere yotero, kungoti yake ndi yosanjikizana kupita pansi.

Chosangalatsa nchakuti pamene chipalecho chikutsindirika, chimatsekera timathovu tampweya wa nthawi imeneyo. Akatswiri amabowola ndi chipaipi chokhala ndi mano kunsonga, monga amachitira okumba mjigo, nkutulutsa ayezi wooneka ngati munsi. Akamudula ndi kumuyeza amadziwa mpweya omwe udalipo pamene chipalecho chinkagwa. Akayeza madzi ake amadziwanso ngati chakacho chinali chotentha kapena chozizira, njira yomwe adaiyambitsa katswiri wa ku Denmark, Willi Dansgaard. Fumbi la m'zipululu ndi phulusa la mapiri ophulika zimapezekanso momwemo.

Katswiri wina wa ku France, Claude Lorius, yemwe adamwalira mu March 2023, ankafotokoza kuti nzeru yoyeza mpweyawu idamubwerera mu 1965 ali ku Antarctica, ataponya kachidutswa ka ayezi wakale m'tambula ya kachasu wachizungu nkuona timathovu tikutuluka. Kuchokera pamenepo ntchito idakula. Mu 1999 akatswiri adalengeza zomwe adapeza pamalo otchedwa Vostok, mbiri ya nyengo ya zaka 420,000. Kenako gulu la maiko a ku Ulaya lidakumba makilomita oposa atatu pamalo otchedwa Dome C nkufika zaka 800,000. Mu January 2025 gulu linanso la ku Ulaya lidalengeza kuti lakumba mamita 2,800 ndi kupeza ayezi wa zaka 1.2 miliyoni.

Kodi kaundulayu akuti chiyani? Akuti m'zaka 800,000 zimenezi dziko lalowa ndi kutuluka m'nyengo yozizira kwambiri kasanu ndi katatu, pafupifupi zaka 100,000 zilizonse. Chomwe chinkayambitsa kusinthaku ndi kupendekeka kwa dziko ndi njira yomwe limayenda pozungulira dzuwa, monga adawerengetsera katswiri wamasamu wa ku Serbia, Milutin Milankovitch. Koma nthawi zonsezi kutentha kunkayendera limodzi ndi mpweya wa carbon dioxide, omwe umagwira ntchito ngati bulangete lofunda dziko. Kukazizira, mpweyawu unkatsika kufika magawo 180 mwa magawo 1 miliyoni alionse a mpweya wa mumlengalenga. Kukatentha unkakwera kufika 280, ndipo sudapitirirepo 300.

Lero mpweyawu wadutsa 420. Pamene Charles David Keeling ankayamba kuuyeza paphiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, unali pa 315. Ndiye kuti agogo amene adabadwa chaka chimenecho ku Thumbwe kapena ku Nkalo aona m'moyo wawo wokha mpweyawu ukukwera ndi magawo oposa 100, kukwera komwe kale kunkatenga zaka pafupifupi 10,000. Gwero lake ndi lodziwika: malasha, mafuta agalimoto ndi gasi zomwe anthu akhala akutentha chiyambire mafakitale, kuphatikizapo kugwetsa nkhalango.

Apa ndi pomwe tiyenera kuyankha iwo amene amati nyengo yakhala ikusintha kuyambira kalekale, ndiye palibe chachilendo. Zoonadi yakhala ikusintha, ndipo amene adatiuza zimenezi ndi akatswiri omwewa a madzi oundana. Koma omwewonso akutiuza kuti liwiro la lero silipezeka paliponse m'kaundula wawo. Sitingalandire theka la umboni nkutaya theka linalo chifukwa choti silikutikomera.

Umboni wina ukuchokera kunja kwa dziko lathuli. Pulaneti ya Mars nayo ili ndi zipewa zoyera kunsonga zake ziwiri. Akatswiri a zakuthambo adaziona koyamba m'zaka za m'ma 1600, ndipo m'ma 1780 William Herschel adaona kuti zimakula ndi kuchepa malinga ndi nyengo. Lero tikudziwa kuti zipewazi ndi madzi oundana osakanikirana ndi fumbi, ndipo m'nyengo yozizira pamwamba pake pamaundananso mpweya wa carbon dioxide. Mu 2008 chombo cha Phoenix cha bungwe la NASA chidatera chakumpoto kwa Mars, nkukanda pansi ndi kupeza madzi oundana. Makina ena ozungulira pulanetiyo aonetsa kuti ayezi wakumeneko nayenso ndi wosanjikizana mizeremizere, kusonyeza kuti Mars ilinso ndi kaundula wake wa nyengo. Zigwa zouma za mitsinje zikuchitira umboni kuti kudayendapo madzi, koma pulanetiyo idataya mpweya wake wambiri nkusanduka chipululu chozizira.

Mbali inayi kuli Venus, nthanda yomwe timaiona ikuwala mbandakucha kapena madzulo. Imeneyi bulangete lake la carbon dioxide ndi lokhuthala zedi, moti pansi pake pamatentha madigiri oposa 460, kuposa Mercury yomwe ili pafupi kwambiri ndi dzuwa. James Hansen, katswiri wa NASA yemwe mu 1988 adachenjeza nyumba ya malamulo ya ku America kuti dziko layamba kutentha, adayamba ntchito yake pofufuza za Venus. Phunziro lake ndi lakuti mpweya wozungulira pulaneti ndiwo umalamula ngati pamenepo pangamere chimanga kapena ayi.

Tsono tibwerere ku Chiradzulu. Tisanamizane: sikuti ayezi wa ku Antarctica, makilomita pafupifupi 6,000 kuchokera kuno, ndiye adatuma Freddy kudzagumula phiri la Chilimankhwanje. Zinthu ziwirizi zili ngati kuphwanya kwa thupi ndi litsipa kwa munthu wodwala malungo, zizindikiro ziwiri za nthenda imodzi. Nthendayo ndi kutentha kwa dziko. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO lidati chaka cha 2024 chidatentha kuposa zaka zonse zolembedwa, pafupifupi madigiri 1.55 pamwamba pa momwe zinalili mafakitale asadachuluke.

Kutentha kochuluka kotereku, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse, kumalowa m'nyanja zamchere. Namondwe amadya madzi ofunda a panyanja monga moto umadyera nkhuni. Kuonjezera apo, mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula chinyezi chochuluka ndi magawo 7 pa 100 alionse, ndipo chinyezicho chimayenera kugwa penapake. Freddy adakhala masiku 36, ndipo WMO idatsimikiza mu 2024 kuti palibe namondwe wina wolembedwa amene adakhalitsa chotere. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kudagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, yomwe madera ambiri amalandira chaka chathunthu.

Tikayang'ana m'mbuyo, mndandanda wake ndi wodetsa nkhawa: madzi osefukira a January 2015, Idai mu March 2019, Ana mu January 2022 yemwe adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, Gombe patangotha miyezi iwiri, Freddy mu 2023, kenako ng'amba ya El Niño yomwe idachititsa boma kulengeza mu March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mlimi sakupatsidwa mpata wopuma. Akamati adzuke ku madzi, dzuwa lamupeza.

Kusungunuka kwa ayezi kulinso ndi njira ina yotifikira ngakhale tilibe gombe la nyanja yamchere. Greenland ikutaya matani oposa 250 biliyoni a ayezi chaka chilichonse, ndipo Antarctica ikutaya oposa 100 biliyoni. Chiyambire 1900 nyanja zamchere zakwera ndi masentimita pafupifupi 20. Mafuta agalimoto ndi feteleza wathu amadzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mzinda wa Beira uli pamalo otsika kwambiri, ndipo tonse tikukumbuka momwe Idai adausasanthira. Doko likaima, mtengo wa thumba la feteleza ku Namadzi ndi wa minibasi yopita ku Limbe umamva. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komabe kungakhale kusaona mtima kuloza chala ku maiko olemera kokha. Napolo si mlendo kuno. Adatsika ku Zomba mu December 1946, ndipo adatsikanso m'phiri la Michesi ku Phalombe mu March 1991 nkupha anthu mazanamazana. Mapiri athu akakhuta madzi amagumuka, ndipo makolo athu ankadziwa zimenezi. Chasintha nchakuti mvula yoopsa ikubwera pafupipafupi, ndipo ikupeza mapiri ali mbulanda, anthu atamanga ndi kulima m'njira ya madzi.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, pamalo osakwana masikweya kilomita 800. Ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Banja likakula, mwana amakatsegula munda m'mbali mwa phiri chifukwa kulibe kwina. Mitengo yatha ndi nkhuni, makala ndi mauvuni a njerwa zomwe zambiri zimakamanga mzinda wa Blantyre. Munthu amene akuotcha makala sakuchita mwano, akufuna ana ake adye. Koma phiri silimva zimenezo. Mizu ikachoka, dothi limatsala lopanda chogwira.

Choncho udindo ulipo pawiri, wa kunja ndi wa kuno, ndipo mbali iliyonse isabisale kumbuyo kwa inzake.

Kwa maiko olemera, mawu athu ndi akuti ngongole ndi ngongole. Africa yense amatulutsa mpweya woononga wosakwana magawo 4 pa 100 alionse a dziko lonse, ndipo gawo la Malawi ndi losaoneka nkomwe. Kafukufuku yemwe boma lidachita Freddy atadutsa adapeza kuti tidataya katundu ndi chuma choposa madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso zinthu kunkafunika pafupifupi madola 680 miliyoni. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pamsonkhano wa COP28 ku Dubai, maiko adagwirizana kuti thumba lothandiza okhudzidwa ndi ngozi za nyengo liyambe kugwira ntchito, ndipo malonjezo oyamba adangokwana madola pafupifupi 700 miliyoni. Ndalama zolonjezedwa ku dziko lonse lapansi zidangofanana ndi zomwe Malawi yekha ankafuna pa namondwe mmodzi. Nthumwi zathu zikamapita kumisonkhano imeneyi zizinyamula manambala awa, ndipo zikabwera zizitiuza zomwe zabweretsa kupatula zithunzi.

Kwa boma lathu, choyamba ndi kaundula. Tikusirira azungu kuti akudziwa nyengo ya zaka 800,000 zapitazo, koma kodi ife tikudziwa mvula yomwe idagwa pa Chitera kapena pa Kadewere zaka khumi zapitazo? Akatswiri a bungwe la World Weather Attribution atafufuza za Ana ndi anamondwe anzake a 2022, adapeza kuti kusintha kwa nyengo kudaonjezera mvulayo, koma adadandaula kuti malo oyezera nyengo okhala ndi zolemba za zaka zambiri ndi ochepa kwambiri m'chigawo chino, kuphatikizapo Malawi. Wopita kubwalo la milandu wopanda umboni amabwerako manja ali m'khosi. Choyezera mvula si chinthu chodula. Sukulu iliyonse yasekondale, ofesi iliyonse ya alangizi a zaulimi ndi likulu lililonse la mfumu yaikulu zikhoza kukhala nacho, bola pakhale munthu wolemba tsiku ndi tsiku ndi kutumiza ku nthambi yoona zanyengo. Nthambiyi nayo ipatsidwe ndalama zokwanira pa bajeti, isamangodalira mapulojekiti a abwenzi akunja omwe amatha pakapita zaka zitatu.

Ndipotu tisaganize kuti kaundula wa makedzana ali kunsonga za dziko kokha. Kuno ku Africa, paphiri la Kilimanjaro ku Tanzania, katswiri Lonnie Thompson ndi anzake adakumba ayezi mu 2000 nkupeza mbiri ya zaka 11,700. Koma ayezi wa paphirili wachepa ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse chiyambire 1912, ndipo WMO idachenjeza mu 2021 kuti pofika m'ma 2040 akhoza kutheratu, pamodzi ndi wa paphiri la Kenya ndi mapiri a Rwenzori.

Malawi naye ali ndi kaundula wake, ndipo ali pansi pa nyanja yathu. Mu 2005 akatswiri ochokera ku mayunivesite a ku America ndi maiko ena adamangirira makina obowolera pa sitima ya Viphya nkukumba matope a pansi pa Nyanja ya Malawi. Matopewo, omwe nawonso ndi osanjikizana, adaulula mbiri ya zaka zoposa 1 miliyoni. Adaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa moti nyanjayi idaphwera ndi mamita mazanamazana, nkungotsala kachigawo kochepa ka madzi ake. Ngakhale posachedwapa, pakati pa 1915 ndi 1935, nyanjayi idatsika mpaka kuleka kuthira madzi mu Shire, mtsinje omwe lero ukutipatsa magetsi ambiri ndi madzi akumwa a mu Blantyre. Nyanja ya Chilwa nayo idauma mu 1968 ndi 1995. Koma ndi ana angati a sukulu m'dziko muno amene adamvapo za kafukufuku wa 2005? Nzomvetsa chisoni kuti nkhani ya nyanja yathu ikudziwika bwino m'makalasi a ku America kuposa a ku Nguludi.

Apa mpomwe a zamaphunziro akubwera. Yunivesite ya MUST ku Thyolo, boma loyandikana ndi Chiradzulu, ili ndi sukulu yophunzitsa za nyengo ndi nthaka. Catholic University ili ku Nguludi m'boma momwemu. Ophunzira a m'sukulu zimenezi azituluka m'makalasi nkukwera mapiri athu, kuyeza ming'alu, kujambula mapu a malo oopsa ndi kukawafotokozera anthu m'chilankhulo chomwe amamva. South Africa ili ndi malo ake ofufuzira ku Antarctica, ndipo sitima yake ya SA Agulhas II imanyamuka ku Cape Town kupita kumeneko chaka ndi chaka. Palibe chomwe chingaletse boma lathu kukambirana ndi anzathuwa kuti tsiku lina mwana wa ku Chiradzulu akakwere nawo. Boma limeneli lidatulutsa John Chilembwe, yemwe adaoloka nyanja kukaphunzira nkubwera kudzatsegula sukulu ku Mbombwe mu 1900. Mtima umenewo usafe.

Chachiwiri kwa boma ndi chenjezo lofika pakhomo. Kunena zoona, a zanyengo adalengeza za Freddy masiku angapo asadafike, mothandizidwa ndi makina a m'mlengalenga omwe ndi zipatso za sayansi yomweyi yoyeza ayezi ndi mapulaneti. Koma kumuuza munthu kuti asamukire kumtunda nkothandiza ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ku Chiradzulu imfa idachokera kumtundako. Uthenga uzisiyana malinga ndi malo, ndipo mudzi uliwonse wa mmunsi mwa phiri uzidziwiratu kothawira, njira yodzera ndi munthu woimba belu kapena wembe. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mu 2023, Freddy atangodutsa. Lamulo lili papepala silipulumutsa munthu. Makomiti a m'midzi akufunika maphunziro, mawailesi, malamya ndi njinga, ndipo khonsolo ikufunika ndalama isadagwe ngozi, osati maliro atachitika kale.

Chachitatu ndi malo. Nkosavuta kulamula anthu kuti achoke m'mbali mwa phiri, koma apite kuti? Ngati boma silipeza malo okhala ndi munda, madzi, sukulu ndi chipatala pafupi, anthu adzabwerera komwe adachoka, ndipo sitidzakhala ndi chifukwa chowadzudzulira. Nkhani ya malo ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje ndi yakale ngati utsamunda, ndipo kusintha kwa nyengo kwangoiika poyera.

Kwa mafumu ndi ife eni midzi, tikuti dzinja lililonse timaona akuluakulu akudzala mitengo pamaso pa makamera, koma pofika October mbuzi ndi moto zamaliza. Tiyambe kuwerenga mitengo yomwe yapulumuka osati yomwe yadzalidwa. Malo ambiri safuna nkomwe mbande, amangofuna kuti zitsa zisiyidwe ziphukire, moto utetezedwe ndipo nkhwangwa ipume zaka zingapo. Manda athu ndi umboni: pomwe mfumu yaletsa kudula, mitengo yachilengedwe imakhalapo mpaka lero. Ngati tikutha kuteteza mitengo ya akufa, tingalephere bwanji kuteteza ya amoyo? Akalozera m'mizere, udzu wa vetiva ndi migula yotchinga madzi ndi nzeru zomwe alangizi akhala akutiuza kwa zaka zambiri. Mawu a akulu akoma akagonera, koma asagonere mpaka phiri lina litatsika.

Anthu a m'tauni nawo asadzipatule. Thumba lililonse la makala lomwe likulowa mu Limbe ndi Ndirande lachokera paphiri la winawake. Malinga ngati magetsi ndi gasi zikhala zodula kapena zosadalirika, lamulo loletsa makala lizingogwira wa njinga nkusiya wogula. Boma lichepetse msonkho pa njira zina zophikira kuti banja wamba lizikwanitsa.

Ifenso atolankhani tili ndi mlandu wathu. Timathamangira kumalo angozi, kujambula misozi, nkuiwala pakatha mwezi. Nkhani za sayansi timazisiya m'Chingerezi ngati kuti amene amawerenga Chichewa alibe nazo ntchito, chonsecho ndiwo amene matope amayamba kuwapeza. Mlimi amene amadziwa kuwerenga mitambo, mphepo ya mwera ndi kuphukira kwa mitengo sangalephere kumva za mpweya wotsekeredwa mu ayezi ngati wina atamufotokozera bwino.

Bungwe la United Nations lidatcha 2025 chaka choteteza madzi oundana a m'mapiri, ndipo lidasankha 21 March kukhala tsiku lokumbukira nkhaniyi chaka chilichonse. Tsikuli likugwa sabata imodzi chabe kuchokera pamasiku omwe timakumbukira abale athu a ku Ntauchira, Chilobwe ndi Nkhulambe. Tikupempha aphunzitsi, azibusa, mashehe ndi mafumu a m'boma la Chiradzulu kuti azigwiritsa ntchito sabata imeneyi kukhala pansi ndi anthu awo, kufotokoza zomwe zikuchitikira dziko, kuyendera mapiri ndi kukumbutsana kothawira.

Ayezi wa ku Antarctica sitingamuletse kusungunuka ndi manja athu. Koma choyezera mvula pasukulu, mtengo paphiri, belu pamudzi ndi malo abwino osamukirako nzotheka ndithu, ndipo mvula ya dzinja likubwerali sidikira kuti timalize misonkhano.